Kugula Harrier n'kosavuta, kuisunga ndiye nkhani

Aliyense amene wafika pa Vila Ulongwe zaka zino waona kuti pakati pa njinga zamoto, ngolo ndi malole a mbatatesi pakuimanso mtundu wina wa magalimoto umene kale sitinkaudziwa. Ndi magalimoto okwera pang'ono kuchokera pansi, a zitseko zisanu, ooneka ngati abale ake a Land Cruiser koma m'kati mwake muli mofewa ngati m'galimoto ya m'tauni. Maina ake ana a sukulu amawaloweza kuposa za m'kalasi: Toyota Harrier, Kluger, Vanguard, RAV4, Nissan X-Trail, Murano ndi Honda CR-V. Ochuluka mwa magalimoto amenewa adabwera atagwira kale ntchito ku Japan, ndipo ambiri adapitirira zaka 15.

Eni ake si anthu akutali ayi. Ndi aphunzitsi, anamwino, ogula soya ndi chimanga, alimi a fodya amene chaka chawakomera, komanso ana athu ogwira ntchito ku migodi ya malasha ku Moatize kapena ku Joni, amene amafuna kuti pobwera kumudzi pa Khirisimasi anthu adziwe kuti fumbi likubweralo n'la yani. Ndipo m'midzi ya ku Dómuè, ku Lifidzi ndi kumalire konse kuno muli abambo ndi amayi ambiri amene usiku amawerenga matumba ali m'nyumba, mtima uli pa galimoto yotereyi. Nkhani ino talembera iwowo, ndalama zisadachoke m'thumba.

Achikulire akukumbukira kuti zinthu sizidali chonchi. Nthawi ya atsamunda, pamene tauni ino inkatchedwa Vila Coutinho, galimoto idali ya mzungu wa boma, ya mwini sitolo ndi ya abambo a ku mishoni. Nthawi ya nkhondo mseu udasanduka malo oopsa, ndipo malole odutsa pa Tete kupita ku Zóbuè ankayenda pa mdipiti moperekezedwa ndi asilikali a ku Zimbabwe. Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, anthu amene adathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu adabwerera katundu ali pamutu ndi panjinga, ndipo magalimoto amene ankawaona adali oyera aja a mabungwe othandiza. Harrier yoyamba idatuluka ku Japan mu 1997, X-Trail ndi Kluger mu 2000. Nthawi imeneyo kuno tidali tikumanganso nyumba ndi kufunafuna mbewu. Magalimoto amenewo ndi omwewa atipeza tsopano, atakalamba.

Chimene chimawachotsa ku Japan si kufa. Kumeneko lamulo limati galimoto yatsopano ikayesedwe ikatha zaka zitatu, kenaka zaka ziwiri zilizonse, ndipo kuyesako kumadya ndalama zambiri, msonkho n'kumakweranso galimoto ikapitirira zaka 13. Choncho mwini wake amaona kuti kuli bwino kugulitsa. Makampani monga Be Forward ndi SBT amawasonkhanitsa, n'kuwakweza pa sitima zapamadzi, n'kudzatsikira pa madoko a Beira, Nacala, Maputo, Durban kapena Dar es Salaam. Mwayi wathu ngwakuti ku Japan amayenda kumanzere kwa mseu monga kuno ku Mozambique ndi ku Malawi, motero chiwongolero chimakhala kumanja kumene tidazolowera. Koma mtengo umene mumauona pa foni ndi chiyambi chabe. Pamwamba pake pali ya sitima, ya pa doko, ya alifandega, ya wokuyendetserani mapepala, ya nambala, ndiponso ya mafuta ochokera kudoko kudzafika kuno, mwakuti pomaliza ndalama ija imatha kuwirikiza kawiri.

Si Land Cruiser

Apa ndi pamene ambiri amanyengeka, ndiye tiyeni tikhalepo pang'ono. Hilux ndi Land Cruiser zili ndi chasisi, zitsulo ziwiri zikuluzikulu zogona pansi ngati mitanda ya nyumba, thupi la galimoto n'kukhala pamwamba pake. Harrier ndi Kluger zilibe. Thupi lenilenilo ndiye mafupa ake, ndipo zakunsi adatengera kwa Toyota Camry, galimoto ya pa tala. Adangoitalikitsa miyendo ndi kuikulitsa kumbuyo. N'chifukwa chake imayenda mofewa ndipo siigwedeza wodwala, koma n'chifukwa chakenso siidapangidwire kusenza.

Ku Japan, polemba kulemera kwa galimoto yonyamula anthu, amawerengera makilogalamu 55 pa munthu aliyense, ndiye kuti mipando isanu ndi makilogalamu 275. Tsono taganizani mlimi amene wagoneka mipando yakumbuyo, waika matumba khumi a chimanga a makilogalamu 50, pamwamba pake madengu a tomato, kutsogolo anthu atatu, ulendo wa ku msika wa Lizulu kapena wa Biriwiri. Galimoto idzapita ndithu, siikana. Koma kumbuyo kudzakhala kutagwada, mashoko adzayamba kudontha mafuta, masipuling'i adzafooka, ndipo matayala akumbuyo adzadyeka mbali imodzi. Ulendo woyamba mwini wake amaona ngati wapulumutsa ndalama ya lole. Pofika ulendo wa makumi awiri ndalama ija amakhala ataisiya yonse ku ofisina.

Chinyengo chachiwiri n'cha mawilo. Si galimoto yaitali iliyonse imene imakoka ndi matayala onse anayi. Ma Harrier, ma RAV4 ndi ma CR-V ambiri amakoka ndi akutsogolo okha, kunja akuoneka chimodzimodzi ndi anzawo. Wogulitsa akalumbira kuti imakoka konse, musachite manyazi, gwadani muyang'ane kunsi. Ngati palibe chitsulo chachitali chozungulira chochokera ku giyabokosi kupita ku matayala akumbuyo, ndiye kuti akukunamizani. X-Trail yokoka konse ili ndi posinthira polembedwa 2WD, AUTO ndi LOCK, ndipo LOCK ndi ya pamatope poyenda pang'onopang'ono, osati ya pa tala. Komabe ngakhale zokoka ndi onse anayi zilibe giya yaing'ono ija yamphamvu imene Land Cruiser imatulukira nayo m'dambo.

Kuchokera pansi kufika pamimba pa galimoto zoterezi pali masentimita 18 mpaka 20 basi, ngati kutalika kwa dzanja kuchokera pa mfundo kufika kumapeto kwa chala. Mseu wa kumudzi umene ngolo ndi malole a fodya akumba ngalande ziwiri, pakati n'kutsala mtumbira wokhala ndi miyala, ndi umene umaboola sampu, kabeseni kosunga oyilo kunsi kwa injini. Sampu ikabooka oyilo amatha mwakachetechete, ndipo nyali yofiira ikayaka woyendetsa n'kunena kuti tikafike kaye, injini imafera pomwepo. Oyendetsa ochenjera amakweza tayala limodzi pamtumbira, lina m'mbali mwa ngalande, ndipo ena amapempha owotcherera kuti awamangire chitsulo chotchinga kunsi. Ndalama ya chitsulo chimenecho ndi yochepa kwabasi poyerekeza ndi ya injini.

Kutsika ku Tete, kukwera kubwerera

Mseu wa tala wochokera ku Calómuè, kudutsa pa Ulongwe, kukakumana ndi wa ku Zóbuè pa Mussacama, ndi umene magalimoto awa amaukonda. Koma nawonso uli ndi mayeso ake. Ife tili pamwamba, mamita oposa 1,200 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene mzinda wa Tete uli pansi m'chigwa cha Zambezi, kumene mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Popita mumatsika, pobwera mumakwera, ndipo mtunda wake ndi makilomita oposa 200.

Potsika, amene adaphunzira kuyendetsa pa galimoto yosintha yokha magiya amakonda kusiya pa D n'kumaponda buleki njira yonse. Mabuleki amatentha, amanunkha, kenaka phazi limalowa pansi popanda kugwira. Manambala aja olembedwa kunsi kwa D sadawaike kuti akongoletse. Pamalo otsetsereka ikani pa 2 kapena pa L kuti injini ithandize kugwira galimoto.

Pokwera mdani ndi kutentha. Injini ya malita 2.4 yotchedwa 2AZ, imene ili mu ma Harrier, ma Kluger ndi ma Vanguard ambiri, ndi yolimba ndithu ndipo amakaniko amaidziwa, koma thupi lake ndi la aluminiyamu ndipo siikhululuka ikawira. Ikatenthedwa kwambiri kamodzi kokha, gasiketi imapsa, mwinanso mabawuti omanga mutu wa injini amaleka kugwira, ndipo pamenepo nkhani imakhala yogula injini ina. Pamwamba pa redieta ndi pa pulasitiki, pamene pamang'aluka pakakalamba. Njere za udzu ndi tizilombo zimatseka kutsogolo kwake mphepo n'kumalephera kudutsa. Madzi a pachitsime kapena a mumtsinje amene ambiri timathiramo amabweretsa dzimbiri, pomwe pamafunika madzi ofiira kapena obiriwira aja a m'botolo. Ndipo pali chizolowezi china chimene sitikugwirizana nacho: galimoto ikangoyamba kutentha, ena amathamangira kuchotsa thamositati, n'kumati dziko lathu n'lotentha. Kuno ku Angónia, kumene m'mawa wa Juni ndi Julayi madzi amaluma m'manja, injini yopanda thamositati imachedwa kufunda ndipo imamwa mafuta ambiri, chikhalirecho matenda enieni adakali m'redieta momwemo. Injini imeneyi ikakalamba imadyanso oyilo, motero mwini wake azisolola kachitsulo koyezera nthawi iliyonse akathira mafuta.

Ma Harrier ndi ma Kluger ena ali ndi injini yaikulu ya malita 3.0, ya masilinda asanu ndi limodzi. Pokwera mapiri imakoma zedi, koma m'malo mwa tcheni ili ndi lamba amene amayenera kusinthidwa pa makilomita 100,000 alionse, ndipo kumwa kwake si kwa munthu wodikira malipiro a pamwezi.

Za giyabokosi tinene mosabisa. Murano, X-Trail imene idayamba kutuluka mu 2007 ndi Vanguard ya 2.4 zili ndi giyabokosi yotchedwa CVT, imene m'kati mwake muli lamba wachitsulo m'malo mwa mano. Imafuna oyilo wakewake. Mukathiramo wamba chifukwa ndi amene adapezeka pa msika, imayamba kulira ndi kuterereka, ndipo kuno ndi ochepa amene angaitsegule n'kuibwezeretsa. Imadananso ndi kukakamizidwa pamatope, tayala likungozungulira pamodzimodzi. Komanso dziwani kuti galimoto yosintha yokha magiya siilira pokankha. Batire likafa kumudzi, ngakhale mutaitana anyamata a timu yonse ya mpira, simupita kulikonse. Kuikoka ndi chingwe mtunda wautali injini ili chete, kaya ndi thalakitala kaya ndi ng'ombe, kumaononganso giyabokosi, popeza oyilo sazungulira.

Nyengo ya mvula ili ndi msampha wina. Munthu akakhala pampando wokwera amaona ngati madzi ndi ochepa. Koma injini imapumira kutsogolo, pafupi ndi nyali, ndipo ikangomwa madzi zitsulo za m'kati zimapindika nthawi yomweyo. Choopsa koposa n'chakuti madzi othamanga amanyamula galimoto. Mu Januwale 2022, nthawi ya namondwe Ana, galimoto ya mkulu wa boma la Tete, a José Maria Mandere, idakokoloka ndi madzi a mtsinje wa Revúbuè ndipo iwo adamwalira. Ngati madzi aphimba kamlatho ka kwanu, zimitsani injini mudikire, ngakhale okwera atakunenani kuti ndinu amantha.

Mafuta a m'chigubu

Galimoto ya 2.4 yokalamba kawirikawiri imayenda makilomita 8 mpaka 10 pa lita imodzi. Ulendo wa ku Tete, kupita ndi kubwera, ndi malita ngati 50. M'zaka za 2023 ndi 2024 lita ya petulo idali pamwamba pa 80 meticais, ndiye kuti ulendo umodzi udali kudya ndalama zoposa 4,000 meticais, osawerengera ya pa mlatho ndi ya chakudya. Mlimi aliyense asandutse yekha ndalama imeneyo kukhala matumba a chimanga, aone ngati ulendowo sukadatheka pa tchapa.

Ife a kumalire tikudziwanso mafuta a m'zigubu. Pamene petulo adasowa ku Malawi mu 2011 ndi 2012, ndiponso kuyambira mu 2022, zigubu zidayenda kwambiri m'njira zathu zino, ndipo m'midzi yakutali ndi bomba botolo la m'mbali mwa mseu ndi limene limapulumutsa. Njinga yamoto imapirira mafuta oterewa. Galimoto izi sizipirira. Pampu yake ili m'kati mwa tanki, ndipo mchenga, madzi kapena palafini wosakaniza zimatseka kasefa kake ndi timabowo topopera mafuta mu injini. Ngati palibe kuchitira mwina, sefani ndi nsalu yoyera pothira. Chizolowezi choyenda nyali ya mafuta ili chiyakire, kumangothira malita awiriawiri, chimaphanso pampu, chifukwa petulo yemweyo ndi amene amaiziziritsa.

Fumbi la m'chilimwe nalo limafuna kuti fyuluta ya mpweya izitsegulidwa pafupipafupi. Ndipo pali mdani wina amene a ku Japan sadamuganizire: khoswe. Galimoto yogona pafupi ndi nkhokwe, kapena imene mwanyamuliramo chimanga njere n'kutsalira pansi pa mipando, imaitana makoswe, ndipo makoswe amatafuna mawaya. Waya mmodzi wodulidwa pamalo obisika amatha kuimitsa galimoto sabata zingapo, amakaniko akusintha zinthu zosalakwa.

Masipeya ndi amakaniko

Kwa munthu wa pa Ulongwe, Lilongwe ali pafupi kuposa Tete, ndipo masipeya ambiri amadzera pa Dedza. Za Toyota ndi za X-Trail zimapezeka msanga, zatsopano ndi zochotsa pa magalimoto ophwasulidwa. Za mitundu yosowa mumadikira kuchokera ku Joni kapena ku Dar es Salaam. Pa chifukwa chimenechi, malangizo athu ngoti musagule galimoto imene pa Vila ponse palibe inzake, ngakhale itakongola bwanji. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Momwemonso ndi Harrier ya mashoko a mphepo imene imadzikweza ndi kudzitsitsa yokha, komanso yoyendera petulo ndi batire lalikulu imene idatuluka mu 2005. Ku Japan zidali zamtengo wapatali. Kuno zikadwala zimasowa sing'anga.

Amakaniko athu ambiri adakulira pa malole a dizilo, pa zigayo ndi pa njinga zamoto, ndipo ndi aluso ndithu pomvera injini ndi khutu. Koma magalimoto awa ali ndi kompyuta, ndipo nyali yachikasu ikayaka pamafunika kamakina kolumikiza kunsi kwa chiwongolero kuti kanene chimene chavuta. Makaniko amene amayamba ndi kamakinako asadamasule kanthu amaoneka wodula, koma pamapeto ndiye wotsika mtengo. Amene amachotsa babu la nyali yachikasuyo kuti isakuvutitseni maso, muthaweni.

Matayala nawo ali ndi nkhani. Magalimoto ena amafika ndi matayala ofewa a m'chipale chofewa cha ku Japan, amene pa tala wotentha wa ku Moatize sachedwa kutha. M'mbali mwa tayala lililonse muli manambala anayi onena sabata ndi chaka chimene lidapangidwa. Mwachitsanzo 2315 ndi sabata ya 23 ya chaka cha 2015. Tayala lokalamba limaphulika ngakhale mapazi ake akuoneka atsopano. Pa galimoto yokoka konse matayala onse anayi akhale a saizi imodzi. Musadalipire, funsani ngati lasipeya lilipo, ndipo ngati ndi kaja kakang'ono ngati ka wilibala, dziwani kuti sikangakufikitseni ku Tsangano. Funsaninso kiyi wachiwiri, chifukwa makiyi ambiri ali ndi kachipangizo kolankhulana ndi kompyuta, ndipo wosula pamsika sangakupangireni wina. Za wailesi tisachedwepo: ya ku Japan imathera pa 90, kotero nyumba zambiri zoulutsira mawu simuzimva mpaka mutaikamo kachitsulo kowonjezera, ndipo mayi wolankhula Chijapani amene amakupatsani moni mukaliza injini mudzangomuzolowera.

Galimoto ya mudzi wonse

Zonse tanenazi n'za zitsulo. Cholemera kwenikweni n'cha anthu. Tsiku limene galimoto yaima pakhomo panu, imaleka kukhala yanu nokha. Mayi woyembekezera akayamba kumva kupweteka pakati pa usiku, chitseko chogogodedwa n'chanu. Mwana akakomoka ndi malungo, mkulu akagwa ndi sitiroko, ng'ombe ikagunda mbusa, onse amayang'ana kwa inu kuti muwafikitse ku chipatala cha pa Ulongwe. Ndipo apa tivomereze: pa ntchito imeneyi galimoto izi n'zabwino kuposa pikapu. Mipando imagona, wodwala amakhala m'kati mofunda osanyowa ndi mvula, ndipo womudikirira amakhala pambali pake. Pali ana amene lero akuthamanga m'midzi muno chifukwa Harrier yokalamba idalira usiku umene inkafunika.

Koma walira mvula walira matope. Pamaliro mudzatumidwa kukatenga achibale ku Dedza. Paukwati adzaimanga maluwa ndi nsalu. A mpingo adzaipempha, amfumu adzaipempha, alamu anu sadzapempha n'komwe, adzangonena tsiku. Ochepa mwa onsewa ndi amene amafunsa kuti mafuta alipo. Mukatchula ndalama amati galimoto yakusinthani, mukakhala chete thumba limauma. Mabanja amene akhala ndi galimoto zaka zambiri osadana ndi mudzi ndi amene adanena poyera kuyambira tsiku loyamba kuti wodwala mwakayakaya timanyamula osafunsa kanthu, koma ulendo wokonzekera, wopemphayo athire mafuta, ndipo kiyi sabwereketsa. Mawu amenewa amawawa sabata imodzi yokha. Kungoti ayenera kuchokera kwa bambo ndi mayi onse awiri, chifukwa wokanidwa kukhomo lakutsogolo amazungulira kukhitchini.

Vuto lina ndi kalendala ya mlimi. Ndalama ya fodya, ya soya ndi ya mbatatesi imabwera m'chilimwe, ndipo ndi nthawi yomweyo imene ogulitsa magalimoto amatsekemera pakamwa. Amene amathira zonse pa galimoto amafika mu Novembala alibe ya feteleza, ndipo galimotoyo imadwala mu Febuluwale, mwezi umene m'nyumba mulibe ngakhale ya mchere. Ndi mmene zimayambira galimoto zija timaziona zitakhala pa njerwa kuseri kwa nyumba, matayala adagulitsidwa, nkhuku zikuikira pampando wa dalaivala. Ife tikuona kuti amene akufuna chonyamulira mbewu asayang'ane n'komwe kuno; pikapu yakale kapena ngolo ya ng'ombe ziwiri idzamutumikira bwino. Galimoto izi zimayenera munthu amene ali ndi ndalama yolowa mwezi ndi mwezi, amene maulendo ake ambiri ndi a pa tala, ndipo atalipira watsala ndi ndalama ina yapadera yosinthira oyilo yense, mabuleki, batire ndi matayala mwezi woyamba womwewo. Manambala a makilomita olembedwa kutsogolo musawakhulupirire kwambiri, amabwezedwa. Mpando wa dalaivala, chiwongolero ndi mphira wa pa buleki ndi zimene zimanena zoona za ukalamba wa galimoto.

Mapepala

Wapolisi wa pamseu akakuimitsani kuno ku Mozambique amafuna karta yanu yoyendetsera, livrete, chikalata cha umwini, seguro, pepala losonyeza kuti galimoto idayesedwa, ndi manifesto, msonkho wa chaka ndi chaka. M'galimoto mukhalenso timakona tiwiri tofiira tochenjeza ndi chovala chowala. Powoloka pa Calómuè kulowa ku Dedza pamafunika chilolezo cholowetsera galimoto kwa kanthawi ndi inshuwalansi yogwira ntchito ku Malawi, ndipo pa mseu wa M1 pali mageti olipiritsa pa Kalinyeke ndi pa Chingeni. Ife amene munda uli mbali ino, apongozi ali mbali inayo, tidazolowera kudutsa malire pa njinga osaona ofesi. Galimoto siili choncho. Ya nambala ya ku Malawi imene ikukhala kuno osalipiridwa msonkho, kapena ya nambala ya TT imene yagona ku Ntcheu chilolezo chitatha, imatha kulandidwa, ndipo chibale cha mbali zonse ziwiri sichithandiza.

Chenjeraninso ndi galimoto yotsika mtengo modabwitsa yochokera kumwera. N'zodziwika kuti magalimoto obedwa ku South Africa amalowetsedwa m'dziko muno, ndipo ikapezeka, wotaya ndi amene ali nayo tsikulo. Nambala ya chasisi yodindidwa pa chitsulo cha galimoto ifanane chilembo ndi chilembo ndi imene ili pa livrete, ndipo pamalopo pasaoneke powotcherera kapena penti watsopano. Musatumize ndalama kwa munthu amene mwangomudziwira pa Facebook kapena pa WhatsApp chifukwa wakuonetsani zithunzi.

Chimene ambiri amachinyalanyaza ndi kusintha dzina. Magalimoto ochuluka kuno adutsa m'manja mwa anthu atatu kapena anayi, koma chikalata cha umwini chidakali m'dzina la munthu wa ku Beira kapena ku Maputo amene palibe akumudziwa. Wogula amangolandira kapepala kolemba pamanja, mboni ziwiri n'kusaina, mwina ndi chidindo cha amfumu. Zinthu zikamayenda bwino palibe amafunsa. Koma tsiku la ngozi, tsiku logulitsa, kapena tsiku limene mwini wake wamwalira, kapepala kaja sikalemera kanthu pamaso pa boma. Mayi wamasiye amene adalima nawo fodya wogulira galimotoyo amapezeka alibe choonetsa pamene abale a mwamuna abwera kudzatenga kiyi, ndipo ngakhale atamusiyira, sangaigulitse pa mtengo wake weniweni. Kusintha dzina kumafuna kuti wogulitsa amene dzina lake lili pa chikalata asaine, siginecha yake itsimikizidwe kwa notariyo, mapepala n'kukaperekedwa ku ofesi yolembetsa umwini wa magalimoto. Zimenezi zimatheka mosavuta wogulitsayo adakali pafupi ndipo adakali kudikira ndalama yotsala. Akangolandira zonse n'kukwera basi, foni yake imayamba kusapezeka.